Tsiku Limene Ndinakana Kuchotsa Mwala

Kwathu ku Chongoni nyumba ya makolo anga inakhala pamtsetse, poti ukagwetsa dzungu pakhonde umakalitola kudambo. Pamenepo ndi pamene pankaima galimoto ya abambo, kapikapu kakale kamene ankati nkoyera, ngakhale kuyera kwakeko tinkangomva. Ndikaikumbukira galimoto imeneyo, choyamba kubwera m'maso mwanga ndi mwala. Mwala wakuda, waukulu ngati mutu wa thole, umene unkakhala kutsogolo kwa tayala.

Ndinali mu Sitandade 4. Abambo, a Gerevazio, ali mnyamata anagwirako ntchito pagalaja ina ku Lilongwe, ndiye anabwerera kumudzi ndi masipanala ochepa komanso mtima wosakhazikika pa khasu. Galimotoyo anaipeza kwa mkulu wina wa sitolo ku Dedza boma, itagona kuseri zaka zambiri, ndipo inafika kwathu ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri, anthu akuseka njira yonse. Sabata isanathe nkhuku zinali zitasamukiramo. Amayi ankati bola, mazira tsopano tikutolera pampando ngati mabwana.

Mwana woyamba ndinali ine, mlongo wanga Damiyano anali adakali woyamwa, ndiye wogwira masipanala ndinakhala ineyo. Azimayi kuchitsime ankawanena amayi kuti mwana wamkazi mukumuwononga, adzamukwatira ndani wonunkha girisi. Abambo akamva ankangoti, "Dzanja la Felista limalowa pamene langa likukana." Zinali zoona. Nati ikagwera pakati pa injini ndinkaitola ndine. Ndinkatsuka mabawuti m'mbale yobooka m'mphepete, mu parafini wozizira, mwezi wa Juni zala zikuchita kuuma gwa, chifunga chitatsika mpaka osaona khola la mbuzi. Ndinkagona pathumba kunsi kwa galimoto, dzimbiri likundigwera m'maso, ndikumva abambo akupuma pambali panga. Si munthu wolankhulalankhula. Akati "eya" ndiye kuti akuyamikira kwambiri, ndipo ine "eya" ameneyo ndinkamufuna kuposa chigumu.

Patapita miyezi injini inadzuka. Koma batire inali yofooka, chingwe cha handibuleki chinaduka kalekale, choncho galimoto inkaima choyang'ana kumunsi, mwala uja utaigwira. Ntchito yanga inali iyi: abambo akakhala pachiwongolero nkufuula kuti "Chotsa!", ine ndinkaukoka mwalawo chammbali nkudumphira kumbuyo, galimoto nkuyamba kutsetsereka, iwo nkuiponya mugiya, iyo nkutsokomola kawiri katatu mpaka kulira. Poima ankakaikweza pachulu cha kumunsi kwa munda, chifukwa mabuleki inalibe. Mabuleki ndiwo anali ntchito yomaliza.

Tsiku lina Lachiwiri abambo anapalasa njinga kupita kuboma, anabwera masana milomo itayera ndi mphepo, atabisa botolo la mafuta a mabuleki m'jekete ngati mankhwala a munthu wodwala. Anandipatsa m'manja. Anati ndikaliike pamwamba m'nyumba, ndisalitsekule, iwo nkutsikira kudimba kukathirira kabichi.

Ndinalitsekula. Ndinkangofuna kununkhiza basi, ndimve ngati akufanana ndi petulo. Damiyano anali kumbuyo kwanga, ndamubereka, ndipo pamene ndimayandikitsa botolo pamphuno iye anadzikankha ndi timiyendo take, chigongono changa chinagunda chipupa, botolo pansi khu! Ndinalitola msanga, koma dothi lofiira lija linali litamwa kale theka. Ndinayang'ana kudimba, ndinayang'ana kukhitchini, kunalibe wondiona. Ndinakwirira pothimbirirapo ndi phazi, ndinathamangira kumtsuko, ndinatunga madzi ndi chikho nkuthira m'botolomo pang'onopang'ono mpaka anafika pamene analili. Ndinakhutchumula. Anasakanikirana bwinobwino, mtundu womwewo, osaoneka chilichonse.

Sindinkaopa chikoti, abambo sankamenya kawirikawiri. Ndinkaopa kuti anena kuti azimayi a kuchitsime aja ankanena zoona, ndibwerere kokasenda mbatata, kugalimoto ndisayandikirenso.

Mawa lake abambo anathira mafuta aja m'galimoto, tinagwira ntchito yochotsa mpweya m'mapaipi a mabuleki. Imafuna anthu awiri, wina kunsi ndi sipanala, wina pampando kuponda. Miyendo yanga inali yaifupi, ndiye anandiikira thumba la gaga kumsana, ine nditagwira chiwongolero ndi manja onse, ndikukankha ndi phazi. Mawu awo ankachokera pansi pa galimoto. "Popa! Popa! Gwira pomwepo! Siya!" Tayala loyamba, lachiwiri, mpaka onse anayi. Poyamba chopondera chinkangolowa ngati ndaponda phala, kenako chinayamba kukana, mapeto ake chinalimba nga. Abambo anatuluka, anaponda okha, anati "eya." Ine mumtima ndinati Mulungu wandibisira, madzi ndi mafuta nzofanana basi.

Ndiye akutseka kachitsekerero ka pothirira mafutawo kuboneti, akupukuta ndi kansanza, anayamba kundiphunzitsa monga ankachitira masiku onse, osandiyang'ana nkomwe.

"Apa uzitseka kwambiri, Felista, ngakhale mame asalowe. Mafuta awa mdani wake ndi madzi. Akalowa sudziwa, pakhomo pano chimalimba bwinobwino. Koma pamtsetse wautali, mabuleki akatentha, madzi aja amawira, ukaponda phazi limangopita mpaka pansi."

Ndinafunsa kuti zikatero munthu amatani.

"Amapemphera," anatero, nkutseka boneti.

Loweruka anakonza zopita kumsika wa ku Linthipe ndi kachewere komanso kabichi, ulendo woyamba wa galimoto yathu. Njira yochoka kwathu kukafika kumsewu waukulu ndinkaidziwa, ili ndi mtsetse wautali, pansi pake kona, ukangokhota kamlatho ka matabwa kopanda zotchinga m'mbali. Lachinayi lonse kamlatho kameneko kanali m'maso mwanga. Nthawi imeneyo ndinali ndisanayambe kulapa kwa ansembe, ndiye tchimo langalo ndinalibe kokalitula, ndinkangoyenda nalo. Lachisanu ndinawatsatira abambo kudimba kuti ndinene. Ndinaima kumbuyo kwawo, ndinatsekula pakamwa, iwo anatembenuka akumwetulira, chinthu chosowa, nkunena kuti mawa anthu aona. Ndinangowalandira kheni nkuyamba kuthirira.

Ndinkadzinamiza ndi zambiri. Mwina madzi anali ochepa. Mwina kuzizira kwa kwathu kuno sangawire. Mwina galimoto ikana kulira. Ndinafika popemphera kuti tayala liphwe.

Loweruka kunacha kopanda chifunga, dzuwa lili ngwee. Matumba a kachewere anakwezedwa, kabichi pamwamba atamangidwa ndi zingwe za mphira, galimoto inachita kukhala pansi kumbuyoku ndi kulemera. Anthu anabwera ngati kuli ukwati. A Zakeyu, oyandikana nafe, amene anaiseka galimotoyi kuyambira tsiku la ng'ombe lija, anaima patsogolo manja ali kumbuyo.

"A Gerevazio, nanga nkhuku mwazipatsa notisi? Mwinitu nyumba sathamangitsa anthu chonchi!"

Anthu anaseka, abambo nawonso anaseka. Kenako amayi anatuluka m'nyumba atavala chitenje chatsopano, Damiyano ali m'manja, atamuveka kachipewa kofiira koluka. Ine ndinkayesa kuti abambo apita okha. Palibe anandiuza kuti amayi akupita nawo kukagulitsa, kuti ine nditsala kuyang'anira mbuzi. Ndinawaona akukwera, akukhala bwino, akumuika mwana pamiyendo, iye akumenya galasi ndi kadzanja kake, akundiseka ine. Chitseko chinatsekedwa ndi waya monga mwa nthawi zonse. Ndinawerenga m'mutu, abambo, amayi, Damiyano. Onse.

Ndinapita pamalo anga, ndinagwada pambali pa tayala, ndinaugwira mwala. Unali wozizira. Ndinkamva galimoto ikuukankha, ikufuna kupita.

"Chotsa!"

Manja anakana.

"Felista! Chotsa mwala!"

Sindikudziwa kuti ndinaganiza liti. Ndinangopezeka ndakhala pansi kutsogolo kwa tayala, mwala uli pakati pa miyendo yanga, ndaukumbatira ngati mwana. Wina anakuwa kuti mwanayo apondedwa. A Zakeyu anati, "Onani makaniko wagwidwa ndi mizimu!" koma anaseka okha. Ndinamva chitseko cha abambo chikutsekuka, nsapato zawo zikubwera, zinaima pafupi ndi bondo langa.

"Dzuka apo. Anthu akuona."

"Ayi."

Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo abambo choncho.

"Wati chiyani?"

"Muli madzi," ndinatero, mawu akutuluka modukaduka. "M'mabuleki. Ndinataya, ndiye ndinathiramo a mumtsuko. Theka. Musapite, abambo, Damiyano atsike, chonde atsike."

Anayang'ana ine, anayang'ana kumtsetse, kenako anauza amayi motsitsa mawu kuti, "Make Felista, tatsikani kaye." Anatola mwala wina nkuuika kutayala linalo, ndipo pokhapo ndi pamene anandikoka pamkono kundichotsa. Anatsekula boneti, anatunga timafuta tija ndi chitsekerero cha botolo, anathira pakachitini, nkupita nako kukhitchini kumene kunali makala. Tonse tinatsatira, ngakhale a Zakeyu. Anakaika pamoto. Sipanapite nthawi, tinamva the! the! the! mafuta akuthetheka, akudumpha ngati mwaponya nsomba yonyowa m'chiwaya. Amayi anachita chizindikiro cha mtanda, anamufinya Damiyano pachifuwa mpaka analira. Abambo anachotsa kachitini kaja pamoto.

Katundu anatsitsidwa anthu akuona. Kumsika sikunapitidwe, kabichi wina anafota, mbuzi zinadya bwino sabata imeneyo. A Zakeyu anapita akulengeza kuti nkhuku zawina mlandu. Abambo sanandimenye, koma sanandilankhule tsiku lonselo, ngakhale Lamulungu popita kutchalitchi anayenda patsogolo okha. Ine ndinati basi, za masipanala zatha, ndinakatenga mpeni nkukhala pansi kusenda mbatata popanda wondituma.

Lolemba m'mawa ndinamva belu la njinga pakhomo. "Kwera," anatero. Tinapita kuboma, ine pakaliyala, matako akuwawa ndi mabampu, ndipo pobwerera botolo latsopano anandipatsa ine kuti ndinyamule njira yonse. Ndinaligwira ndi manja awiri, sindinakande ngakhale mphuno. Tinakhetsa mafuta onse akale, tinatsuka, tinayambiranso popa, gwira, siya, mpaka mwendo unachita dzanzi.

Loweruka linalo anthu anabwera ochepa. Amayi anakwera, Damiyano ndi kachipewa kake. Ndinagwada pamwala, ndikudikira kufuula kuja. Sikunabwere. Abambo anatulutsa mutu pawindo, anandiyang'ana, nkufunsa, "Felista, tichotse?"

Ndinati, "Eya." Ndinaukoka.

Kuchokera tsiku limenelo, zaka zonse zimene galimotoyo inayenda, sanafuulenso kuti chotsa. Ankafunsa.

Pano ndimakhala ku Mayani ndi bambo a kunyumba komanso mwana wathu Tadala, wa zaka zinayi. Zinthu zasintha, njira ya kwathu ija masiku ano ndi njinga zamoto zokhazokha, anyamata akutsika mtsetse uja atazimitsa injini, atanyamula mayi, mwana ndi thumba la chimanga, ndipo palibe amafunsa mnzake ngati zonse zili bwino. Ine ndisanakwere ndimati tapondani buleki ndione, amandiseka, amati mayi wamantha uja wabwera. Asekeni. Muminibasi maso anga amakhala paphazi la dalaivala, Tadala ndamufinya pachifuwa mpaka amadandaula kuti amama mukundipweteka. Galimoto ya abambo inabwerera kwa eni ake, nkhuku, matayala anaphwa kalekale moti singasunthe ngakhale muikankhe anthu khumi, koma mwala uja sanauchotsepo.

Sabata yathayi ndikuchokera kumjigo ndinapeza pakhonde pali dothi lokwirira kumene, pali timapazi, ndipo botolo la mafuta ophikira litabwezedwa pamalo pake mwaulemu kwambiri. Tadala anali ataima pakona, akundiyang'ana ndi diso limodzi. Dzanja langa linakwera lokha. Kenako ndinalitsitsa, ndinagwada mpaka maso athu analingana.

"Wataya, eti? Palibe kanthu. Koma undiuze, wathiramo chiyani?"

Anayamba wayang'ana pansi, kenako analoza ndowa ya madzi otsukira mbale.

"Eya," ndinatero, nkumunyamula.