Chigubu cha Madzi a Amayi

Ndinaganiza zopita ku Denmark chaka chimene thonje linatigwiritsa fuwa lamoto. Mnzanga wina wa ku Katete ndiye ananditsina khutu kuti kumeneko akufuna anthu okama ng'ombe. Amayi ndinawapeza pakhonde kwathu ku Vubwi, akusenda mtedza. Nditawauza, sanadzutse n'komwe mutu.

"Pita, Yotamu. Koma udzabwere kudzandiika wekha."

Ndinaseka. Munthu wolima munda wonse uja yekha n'kumakamba za imfa?

Katauni kamene ndinafikirako kanali kochepa kuposa Sinda, sindikunama. Zinthu zoti n'kulozera mlendo zinali zitatu basi: chigayo chakale choyendera mphepo, chamapiko anayi, chimene chinasiya kugaya ine ndisanabadwe, kadoko ka mabwato, ndi tchalitchi choyera chokhala ndi nsanja ya belu. Anthu ake ndi aulemu, koma moni wawo ndi liwu limodzi, osafunsa n'komwe za kunyumba. Ndinkatha sabata yathunthu ndikucheza ndi ng'ombe zokha, ndipo ndinazipatsa maina a midzi ya kwathu.

Chimene chinandizunguza mutu ndi manda. Anazungulira tchalitchi chija, pakati penipeni pa tauni, osesedwa kuposa bwalo la nyumba. Azimayi ankadutsamo akukankha makanda m'tingolo. Ine mwana wa Mchewa ndinalambalala malowo miyezi itatu.

Amene anandilowetsamo ndi a Yensi, mdala wina wokhala pafupi ndi famu yathu. Lamlungu lililonse ankatunga madzi pampopi wa kumandako n'kukathirira maluwa pamanda a akazi awo. Tsiku lina anandikodola.

"Bondo lavuta, mnyamata. Ndinyamulireko madziwa."

Ndinalowa n'kuwanyamulira madziwo. Mdala uja anakhala pabenchi n'kuyamba kuuza mwala wa pamandapo nkhani: kuti denga likudontha, kuti mdzukulu wadula tsitsi. Ndinati mumtima, azunguwa mitu inazungulira.

Chaka chachitatu, ndili m'khola, foni inalira. Anali mlongo wanga Esinati, yemwe nthawi imeneyo anali woyembekezera.

"Achimwene, amayi atisiya."

Tikiti ya ndege sindikanaikwanitsa, komanso kwathu maliro sadikira ndege. Ndinatumiza ndalama ya bokosi ndi ya chakudya cha anthu. Maliro a amayi ndinawaona pa zithunzi zitatu za pafoni. Mawu awo a pakhonde aja sanandichoke m'mutu. Kuyambira pamenepo a Yensi sanafunikenso kundikodola. Ndinkathirira maluwa a akazi awo, koma mtima uli ku Vubwi, ndipo ndinkawasirira kwambiri mdala uja. Iwo anali ndi poti n'kuima.

Ndinabwerera patatha zaka zisanu chichokereni kwathu. Ku Chipata ndinagula mbande za maluwa. M'mawa mwake, anthu asanabwere kudzandilonjera, ndinadzaza chigubu pamjigo n'kulunjika ku msitu wa manda, ndekhandekha. Ndili pafupi kufika, ndinakumana ndi atsibweni, mchimwene wawo wa amayi, khasu lili paphewa.

"Mphwanga, chigubucho ukupita nacho kuti?"

"Kukathirira amayi."

Anatsitsa khasu. "Kumanda? Wekha, popanda maliro, popanda wopempha njira? Akadzamwalira munthu mwezi uno, anthu adzati wabwera ndi chiyani kunjako?"

Lamulo limenelo ndinalidziwa ndili mwana wamamina. Ndinaliiwalira pabenchi ya a Yensi. Manyazi anandigwira, kenako chisoni. Ndinakhala pansi pakanjira pomwepo n'kulira, bambo wandevu.

"Anati ndidzawaike ndekha, atsibweni."

"Ndinamva. Tsiku la chiliza tidzalowa tonse, ndidzakuonetsa pamene anagona. Koma iwe amako ukukawafuna kumitengo? Nyamula chigubu chakocho, tiye."

Ananditengera kwa Esinati. Pabwalo panali kamtsikana ka zaka ziwiri, kali mbuu ndi fumbi, kakuthamangitsa anapiye. Ndinkadziwa kuti mwanayo anamupatsa dzina la amayi, Alinesi, koma pafoni linali dzina chabe.

"Amayi, siyani nkhukuzo, mwana wanu wabwera," anatero Esinati, osaseka ayi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Pano tonse timati amayi. Ngakhale atakhuthula ufa, palibe amawakwezera mawu."

Atsibweni anandikankha pamsana. "Pereka moni."

Ndinagwada m'fumbi, ndinaomba m'manja. "Amayi, ndabwera. Ndachedwa, mundikhululukire."

Mwanayo anandiyang'ana nthawi yaitali, chala chili m'kamwa. Kenako maso ake anapita pa chigubu.

"Madzi," anatero.

Ndinatsegula chivindikiro, ndinathira m'chikhatho changa, ndipo amayi anamwa.