Ku Mulanje N'kutali

Mayi ake a Ezelina anamwalira mu Febuluwale, ntchito yothyola fodya ili mkati. Banjali linali la matenanti ochokera ku Mulanje, pa esiteti ya a Mphepo ku Simlemba, m'boma la Kasungu. Bambo ake, a Kalekeni, anakagwada pakhonde kupempha lole yoti inyamule maliro.

"Ku Mulanje n'kutali," anatero a Mphepo akutokosa m'mano. "Lole ichoke masiku atatu, fodya wanga apse m'munda?"

Abale inu, lole yake ndi yomwe inakawatenga anthuwa kwawo! Pokawatenga kunali pafupi, popereka maliro kwatalika. Makuponi a fetereza nawonso ankalembetsa m'mayina a matenanti, fetereza n'kuthera m'munda mwake. Nkhanza bwanji!

Malemuwo anaikidwa kumphepete kwa manda a eni mudzi, ngati munthu wopanda kwawo.

"Mwanawe, ine usadzanditaye kuno," anatero a Kalekeni pochoka kumandako.

Ezelina sanalire. Mtima unkangotentha.

Tsiku lina kusukulu ndege inalemba mzere woyera kumwamba. Aphunzitsi a Lameki anailoza: "Imene ija yachoka ku Nairobi, ikupita ku Joni. Makilomita pafupifupi 3,000, koma maola anayi yafika."

"Maola anayi?" anafunsa Ezelina. "Nanga ku Mulanje?"

"Aa, pamenepo ndi pakhomo. Ola silingakwane."

Pakhomo! Kani amayi ake anagona kuchilendo chifukwa cha mtunda woti ena amaudutsa tiyi asanazizire?

Kuyambira pamenepo anadana nawo mawu akuti kutali. Ankasoka fodya m'chigafa buku lili pamwendo, manja ali bii ndi phula. Akapitawo ankamuseka: "Apailoti, tasokani msanga, ndege ikusiyani!" Mayeso a Folomu 4 analephera. Ena anati angokwatiwa. Iye anabwereza, nakhoza masamu ndi sayansi mochititsa kaso, mpaka kampani ina ya ndege inamutenga kukamuphunzitsa kunja.

Zinatenga zaka, koma zinatheka. Tsiku loyamba kuulutsa ndege ya anthu, ulendo wake unali womwe uja, Nairobi mpaka Joni. Podutsa pamwamba pa Kasungu anasuzumira pansi. Esiteti imene inawameza amayi ake sinkaoneka n'komwe.

Atalandira tchuthi anapita ku Simlemba ndi galimoto. A Kalekeni anali atapindika msana, akadali m'chigafa. A Mphepo anatulukira akumwetulira: "Iii, mwana wathu! Mukuwatengera kuti madalawa, fodya asanathe?"

"Kwawo," anayankha Ezelina. "Si patali."

Madzulo a tsiku lomwelo a Kalekeni anatsika galimoto ku Mulanje, akuyenda ndi miyendo yawo.

Inu amene mwauzidwa kuti n'kutali, kwiyani ndithu, koma mkwiyowo muugwiritse ntchito. Osataya mtima. Akamati n'kutali, muziyamba mwafunsa kuti kwatalikira ndani.