Geji ya mafuta ya bambo

Bambo anga anali ndi ana asanu ndi mmodzi: ife asanu ndi pikapu yawo. Wokondedwa anali pikapuyo. Inali yakale kuposa ine, yobiriwira, ndipo anaigula akadali alangizi a zaulimi. Atapuma pa ntchito, ntchito yawo inasanduka kuipukuta. Ife tikadwala ankati timwe madzi ambiri. Iyo ikangotsokomola, makaniko ankaitanidwa tsiku lomwelo.

Ine ndimalemba zikwangwani pa Nsipe. Mitu ya ng'ombe ya pamabutchala ndi nkhope za pamalo ometera zija, zambiri ndi dzanja langa. Bambo ankafuna ndikhale mphunzitsi. Munthu akawafunsa kuti mwana wanu wachitatu uja amatani, ankangoti, "Ali pamsewu paja," ngati ndimagona m'ngalande. Zinkandiwawa, sindibisa. Ndinafika pokhala ndi ana angaanga ndikudikirabe tsiku loti bambo aloze chinthu pamaso pa anthu n'kunena kuti wapanga ichi ndi mwana wanga.

Tsiku lina anatulukira pashedi panga atanyamula kaphukusi kokulunga m'nsalu. Munali mageji atatu a padashibodi: ya liwiro, ya kutentha kwa injini ndi ya mafuta. Dzuwa la zaka zonsezo linali litadya manambala onse.

"Akuti uli ndi timabulashi ting'onoting'ono," anatero, maso ali kumsewu.

Mawu oti ndithandize sanatuluke, koma ine ndinawamva. Ndinaika pambali chikwangwani cha mayi wina wogulitsa mbatatesi n'kuyamba tsiku lomwelo. Ndinachotsa magalasi, ndinazula timivi toloza manambala mosamala ndi masipuni awiri, ndinapala nkhope za magejiwo mpaka chitsulo chinaoneka, n'kuzipaka penti yakuda katatu. Mizere ndinayeza ndi kampasi ya mwana wanga ya kusukulu. Manambala ndinalemba ndi kabulashi komwe ndinakameta mpaka kutsala ndi ubweya wowerengeka, nambala iliyonse ndikugwira mpweya.

Mageji awiri anayenda bwino. Ya mafuta inali itafa mkati. Makaniko wina wa ku Manjawira anatipezera ina yofanana kukula, yochotsa m'galimoto yakufa ya dziko lina. Titailumikiza tinapeza kuti ili ndi khalidwe lake. Thanki ikadzaza, kamuvi kankagona kumanzere. Thanki ikauma, kankaloza kumanja monyada. Makaniko anati chitsulo choyandama m'thanki mwathu sichigwirizana ndi geji imeneyi, ndipo chogwirizana nayo sitingachipeze. Ine ndinati palibe vuto. Ndinangolemba nkhopeyo motsata kamuvi, chigawo chofiira chosonyeza kutha kwa mafuta ndinachiika kumanja.

Bambo anaiyang'ana ngati ndawapatsa chakudya chosasa.

"Chofiira chimakhala kumanzere. Galimoto iyi inabwera choncho."

"Koma Bambo, kamuvi kakuyenda chobwerera. Mmene ndalemberamu ndi mmene ikunenera zoona."

"Anthu akasuzumira aziti chiyani? Kuti ndaika zotola pamsika? Woyendetsa ndine, ndizidziwa ndekha. Iwe lemba zomwe ndakuuza."

Ndinapalanso, n'kulemba zomwe anandiuza. Pa ntchito zonse zomwe ndagwira, palibe yokongola kuposa bodza limenelo.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, azibambo anaunjikana pazenera la pikapu. Patsogolo panali mkulu wa mpingo wina, mnzawo wa bambo wopikisana naye pa chilichonse, munthu wa njinga yakapalasa koma wodziwa matenda a galimoto iliyonse. Anafunsa kuti zowala chonchi zachokera kuti.

"Ku Joni," anatero bambo. "Kuno ndani angapange zotere?"

Ine ndinali nditaima pomwepo, penti yakuda ikadali m'zikhadabo. Ndinapita kunyumba osatsanzika.

Kwa miyezi ingapo bambo anakhala bwino ndi geji yawo yobwerera. Kenaka azakhali, alongo awo aakulu, anamwalira kwathu kuno komwe tinkawadwazika, ndipo anayenera kukaikidwa kwawo ku Kasinje. Pikapu ndiyo inanyamula bokosi. Koma akuluakulu anakana kuti namfedwa agwire chiwongolero. Makiyi anapatsidwa kwa alamu anga, amuna a mchemwali wanga, munthu waulemu woti pamaso pa apongozi ake sangafunse ngakhale nthawi. Kutsogolo kunakhala alamu, bambo pakati, ndipo chakukhomo mkulu wa mpingo uja. Ine ndinali kumbuyo ndi bokosi pamodzi ndi amayi oimba nyimbo za maliro.

Zakutsogolo anandifotokozera alamu pambuyo pake. Tikudutsa pothira mafuta, mkulu wa mpingo anafunsa ngati tiime. Alamu anayang'ana geji n'kuti, "Ndi odzaza, Bambo anakonzekera." Bambo anawalola kupitirira. Kuti anene kuti geji ndi yobwerera, anayenera kunenanso kuti si ya ku Joni, mnzawo uja ali pambali pomwepo. Anadalira kuti njira ya ku Kasinje ndi yotsetsereka, galimoto ikafika yokha.

Ine ndinasuzumira pagalasi lakumbuyo titayamba kutsika. Ndinaona kamuvi kataloza kumanja, pamzere womaliza womwe ndinaulemba ndekha. Ndinadziwa kuti thanki yatsala pang'ono kuuma. Ndinamenya denga. Amayi oimba aja anandidzudzula kuti pamaliro sitichita phokoso, ndipo bambo anatembenuka n'kundiponyera diso lomwe ndinkalidziwa kuyambira ndili mwana. Ndinakhala pansi. Akuti nthawi yomweyo alamu anayamikira kuti galimoto zakale n'zodabwitsa, mafuta akuchita kuwonjezereka tikuyenda.

Zitunda zitatha, nzeru za bambo zinatheranso pomwepo. Pikapu inatsokomola kawiri n'kuima pakati pa minda ya mpunga, dzuwa lili paliwombo, kumudzi kukadali mtunda ndithu. Nyimbo inadukira pakati. Mkulu wa mpingo anatsegula boneti n'kulengeza kuti ndi batire. Alamu anathyola kamtengo, anakalowetsa m'thanki, kanatuluka kouma gwa. Anthu olima mpunga anasiya makasu n'kubwera, zipewa zili m'manja chifukwa cha bokosi, ndipo onse anamva pamene mkulu wa mpingo anafunsa kuti geji ya ku Joni inganame bwanji chonchi.

Bambo anatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana bokosi la alongo awo, anayang'ana anthu, kenaka anandiloza.

"Analakwitsa ndi mwana wanga uyu. Ndiye anapenta."

Zaka zonse zija ndinkadikira chala chimenecho, ndipo chinabwera ndi mlandu. Ndinapsa mtima. Ndikanatha kunena zonse pomwepo, alamu ndi mboni, makaniko wa ku Manjawira ndi mboni. Koma munthu anali atataya mlongo wake. Ndinangoti, "Pepani, Bambo."

Mkulu wa mpingo analowetsanso mutu pazenera. Anayang'anitsitsa manambala aja nthawi yaitali.

"Ndiye kuti si za ku Joni? Dzanja ili ndi la pa Nsipe pompa?"

"Ndi lake," anatero bambo, maso ali pansi. "Dzanja ali nalo."

Azakhali tinawanyamula pamapewa mpaka kumudzi, mosinthana ndi anthu a mpunga aja. Ine ndinagwira kutsogolo ndipo sindinalole kundilandira. Ndinalira njira yonse, ndipo amayi ankauzana kuti mwana uyu ankawakonda azakhali ake.