Miyala yoyera pansi pa msuku

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kubwerera panjira, mwana ali kumsana, chifukwa cha miyala.

Kwathu kuno, kumapiri a kufupi ndi Malomo, sikelo ya ana imachitikira pansi pa mtengo wa msuku. Mliri wa korona utavuta inaima. Tadala wanga anayenera kubayidwa katemera wa chikuku ali ndi miyezi isanu ndi inayi. Pano akuyenda, koma malo a katemerayo m'kabuku kake akadali osalembapo. Kutsidya kwa mtsinje chikuku chalowa kale. Ndiye nditamva kuti sikelo yayambiranso, ndinalawira.

Nkhungu inali itakuta phiri lonse. Kale ukamakwera chitunda chija unkamva nyimbo za amayi ukadali kutali. Tsiku limeneli kunali zii, ngakhale mbalame.

Nditafika pamwamba ndinaima chilili. Pabwalo panali timiyala topaka laimu, toyera mbee, tili m'mizere motalikirana. Inu amene munaperekezako maliro a mwana, mukudziwa chimene ndinaona. Pakati pake panaima munthu wopanda nkhope, maso okha. Panthambi, mbedza ya sikelo inkagwedera yopanda kanthu.

"Psss! Amake Tadala!"

Anali Nambewe, mnzanga wa kumpingo, atabisala kuseri kwa chulu ndi amayi ena, ana ali kumsana.

"Musapiteko asisi. Simukuona? Atikonzeratu malo."

"Ndani?"

"Omwe aja anakulunga amalume m'pulasitiki ife osaona nkhope. Ndikakhazike mwana pa chiliza? Ine ayi."

Ndisaname, nanenso ndinafuna kubwerera. Koma safunsa anadya phula. Ndinasendera pang'onopang'ono.

"Odi, adokotala?"

"Fikani mayi! Ndine Chisale, mwandiiwala chifukwa cha kansaluka?" Anali alangizi athu a zaumoyo, omwe aja a njinga yopanda mabuleki. "Sambani pandowapo, musankhe mwala wanu. Ndapaka ndekha dzulo kuti muzikhala motalikirana. Ndimati ndakongoletsa, koma chifikireni ndikungocheza ndi miyala."

Mayi aliyense wa m'kaundula wawo anamuikira mwala wake.

Ndinakhala. Mwala unali wozizira, koma unali mwala basi. Kakabudula ka sikelo kamene ana onse ankavala mosinthana kanalibepo. Tadala anamuyeza m'chitenje changa chomwe. Nyimbo ayi, akuti poyimba mpweya umapita patali. Kenako jakisoni.

Tadala anakuwa mpaka phiri linayankha.

Ndiye ndinaona mithunzi ikutuluka m'nkhungu, umodziumodzi. Nambewe patsogolo.

"Wangolira ngati masiku onse," anatero, akuyang'anitsitsa mwana wanga. "Koma inu a Chisale, laimu ameneyu anakutumani ndani?"

Tinaseka m'timasiki mwathu. Miyala inayamba kudzaza, a Chisale akuitana maina. Atafika pa Amake Chikondi, a kutsidya, panalibe woyankha. Anaitananso.

"Mwanayo tinaika sabata yatha," anatero mayi wina chapansipansi. "Chikuku. Anaopa kupita naye kuchipatala."

A Chisale anawerama, nanyamula mwala uja ndi manja awiri, n'kukauika kuseri kwa mtengo.

Abale anga, mantha athu sindikuwanyoza. Tinaona zimene tinaona. Koma kodi korona atabwera, matenda enawa anapita kutchuthi? Malungo anatsanzika? Amayi oyembekezera akungokhala m'nyumba osakayezetsa. Apongozi anga mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi anatha kalekale, ndipo akuti aziona. Tikuthawa chilombo chimodzi, zinazi tazitsekulira chitseko.

Nanunso a zaumoyo, musanatikonzere zabwino muzitifunsako. Mukanauza amayi awiri okha kumpingo, akanakuuzani kuti laimu pamiyala kuno ali ndi ntchito yake. Phulusa likanakwana.

M'kabuku ka Tadala tsopano mwalembedwa. Anatenthako thupi tsiku limodzi, lero akuthamangitsa nkhuku.

Koma pobwerera tsiku lija ndinacheuka. Nkhungu inali ikutsikanso, ndipo miyala ingapo inali isanakhalidwepo. Wina mwa iyo ndi wanu, mayi mnzanga. Kodi mubwera kudzaukhalira, kapena mukudikira kuti nawonso aunyamule ndi manja awiri?