Alendo Odzazonda Amayi

Chaka chimene ndinali Fomu 2, amayi anga anadwala chibayo. Kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Chongoni, ndipo m'mwezi wa Juni kumazizira moti m'mawa zala zimakana kugwira ndowa. Nthawi imeneyo amayi anali ndi khanda kumsana, mlongo wanga wotsiriza. Bambo amagwira ntchito ya ulonda kuboma ndipo amabwera Loweruka lokha, choncho zonse za pakhomo zinali pamutu pa amayi.

Chifuwa chinawayamba pang'onopang'ono. Amatsokomola akutunga madzi, akuthirira kachewere kudimba, akuyamwitsa. Ndikawauza kuti apite kuchipatala amangoseka, amati mayi wa ana amachira ali chiimire. Chimene chinawagwira ndi sikelo ya mwana. Namwino ataona mmene amapumira anawalowetsa mkati n'kuwapima. Anawapatsa mankhwala ndi kuwalamula kuti akagone, asagwire khasu, asakhale pa utsi mpaka mankhwalawo atatha. Anawachenjeza kuti akapanda kumvera adzawagoneka m'chipatala, ndipo khanda lidzavutika.

Ndinakapempha aphunzitsi kuti ndikhale kaye pakhomo. Ndinkaganiza kuti ntchito yanga ikhala kuphika, kuchapa matewera ndi kuthirira kudimba. Zimenezo sizinandivute. Chimene sindinachiganizire ndi alendo.

Kwathu munthu akadwala samusiya yekha. Anthu amabwera kudzamuzonda, ndipo amene sanabwere amanenedwa. Koma paliso mwambo wina, woti mlendo sachoka pakhomo kukamwa kuli kouma. Amayi amadziwika ndi zimenezi m'mudzi monse. Ngakhale munthu wongofunsa njira amamupatsa thobwa.

Oyamba kubwera anali azimayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi. Atangomva odi, amayi anadzuka pamphasa, anamanga chitenje n'kulunjika kukhitchini. Ndinawauza kuti ndiphika ndine, koma anati tiyi wanga amakhala ngati madzi otsukira kapu, ndipo anthu aakulu salandiridwa ndi mwana mwini nyumba alipo. Anakoleza moto, anaphika kachewere, utsi uli tolo, maso akutuluka misozi. Alendowo anadya, anapemphera, ndipo potsazika anati Mulungu ndi wamkulu, odwala aja ayamba kale kuyendayenda. Anapita ali okondwa. Madzulo amayi anatsokomola mpaka kugwira nthiti.

Masiku otsatira zinali chimodzimodzi. Amabwera achibale, amabwera anzawo a kudimba, aliyense ndi mtima wabwino, wina ndi mtolo wa nkhuni, wina ndi kabichi. Ndipo aliyense amawadzutsa amayi osadziwa. Ine sindikanatha kuimirira pakhomo n'kubweza anthu amsinkhu wa makolo anga. Ndinayesa kuwakumbutsa amayi mawu a namwino. Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, “Ukufuna anthu azikanena kuti kwa ine anachoka ndi njala?”

Poyamba ndinkati ndi makani chabe. Kenako ndili kumjigo ndinaganiza mofatsa. Amayi alibe nsapato zabwino, alibe foni yawoyawo, ndipo nyama ikapezeka amadya chotsala. Chinthu chimene chinali chawo ndi mbiri imeneyi, yoti pakhomo pawo pamalandiridwa bwino. Ine ndimawauza kuti aisiye ngati n'chinthu chaching'ono. Komabe mankhwala anali kutha, chifuwa osasintha, ndipo ndinkaopa kuti awagoneka.

Tsiku lina kunabwera azakhali, alongo awo a bambo, amene amakhala cha ku Kabwazi. Ndi munthu woyankhula mosabisa, ndipo amayi amawaopa kuposa alendo ena onse, poti ndi akuchimuna. Amayi atamva mawu awo anadzuka mofulumira. Anafika pakhomo, chizungulire chinawagwira, n'kukhala pansi pomwepo atatsamira chitseko. Khanda linayamba kulira mkati. Anakwawa kuti akalinyamule, koma manja analibe mphamvu, moti ndinachita kuliika ndine pamiyendo pawo. Ndinawaona nkhope itasintha. Sanali kuganiza za tiyi.

Azakhali anali ataima pabwalo, akuona zonsezi. Amayi anapuma kaye, kenako anati, “Alamu, lero mundikhululukire, sindidzuka. Akuphikirani mwanayu. Tiyi wake ndi wamadzimadzi, koma mumwe choncho.”

Ine ndinayang'ana kwa azakhali. Iwo anatula dengu lawo n'kukhala pakhonde.

“Kodi mukudwaladi, alamu? Ine ndimayesa n'kachimfine, poti aliyense wochokera kuno akuti anakupezani kukhitchini. Kagoneni. Tiyi kwathu aliko.”

Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti mtsikana wa sekondale aonetse zimene amaphunzira. Atalawa tiyi wangayo anafunsa ngati masamba ndinangowaonetsa poto ali m'pepala. Amayi anaseka ali mkati, ndipo kusekako kunawatsokomoletsa.

Azakhali sanabwerere tsiku limenelo. Anakhala nafe mpaka mankhwala atatha. Malo awo anali pakhonde, khanda lili kumsana, akusenda kachewere. Alendo akabwera amawalonjera ndi iwo, amawalowetsa kuti aone odwala kanthawi kochepa, kenako n'kuwatulutsa. Wina akachedwa amamuuza kuti dimba la odwala lauma, ndowa ili apo. Ena amapitadi kukathirira. Amayi amamva zonsezi ali pamphasa, ndipo ndikudziwa kuti zimawavuta. Nthawi zina ndinkawapeza atakhala tsonga, akumvetsera ngati alendo apatsidwa kanthu. Koma sanadzukenso.

Sikuti onse anasangalala. Kumjigo ndinamva wina akunena kuti pakhomo paja masiku ano pali mlonda. Ndinakawauza amayi, ndikuganiza kuti akhumudwa. Anangoti anthuwo azinena, iwo akuyamwitsa.

Tsiku loti amayi abwerere kuchipatala ndinawaperekeza. Namwino anawamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kunena kuti zili bwino, koma asafulumire kunyamula zolemera. Potuluka tinadutsa pamsika. Amayi anaima pomwe amagulitsa zovala za kaunjika n'kuyamba kusankha majuzi. Ndinkayesa akufunira ana, monga mwa masiku onse. Anatenga juzi yobiriwira yaikulu, anaiyesa pathupi pawo, n'kundifunsa ngati ikuwakhala. Ndinati ikuwakhala, ngakhale manja ake anali aatali. Anapinda manjawo n'kuivala pomwepo.

Lolemba lake ndinabwerera kusukulu. Anzanga anali atapita patali ndi masamu, koma sindinadandaule. Pochoka m'mawa ndinasiya amayi atakhala padzuwa, akumwa phala lisanazizire.