Maswichi Awiri a Atate Ake Mwana

"Amake mwana, wailesi yanu ija imangopuma bwanji? Tsiku ndi tsiku fuuu, koma nyimbo ayi. Yagwidwa mphumu?"

Anandifunsa choncho aneba anga, mayi wa nyumba yoyang'anana ndi yathu kuno ku Nsefu, tsiku lina masana atabwera kudzabwereka sefa. Ndinawauza kuti si wailesi. Anasuzumira kuchipinda n'kuona mabokosi awiri achitsulo atasanjikizana patebulo, kutsogolo kwake kuli mabowo ndandanda ndi timagetsi tikuphethira.

"Nanga n'chiyani?"

"Ndi sukulu ya atate ake mwana."

"Sukulu yopanda aphunzitsi? Eee, ife tinafulumira kubadwa."

Anatenga sefa n'kumapita akuseka.

Amuna anga nthawi imeneyo ankaperekera zakudya pa loji ina ku Chinzombo. Intaneti ikafa palojipo, ankachita kuitanitsa munthu kuchokera ku Chipata, ndipo amene ankamugwirira makwerero anali iwo. Pogwira makwereropo ankayang'ana m'mwamba, mpaka mtima wawo unagwera pantchito imeneyo. Loji itagula zipangizo zatsopano, anapempha zakale zimene zinangotayidwa m'sitolo, ndipo anabwera nazo panjinga atazikulunga m'saka. Dzina lake ndi maswichi, koma si aja oyatsira getsi. Awa ntchito yawo ndi kulumikiza makompyuta kuti azilankhulana.

Laputopu anapeza yakale kwa mnzawo. M'menemo anaikamo pulogalamu imene ankaitcha simyuleta. Pondifotokozera anati imachita masanje: imanamizira kuti muli makina ambiri, ena ali tawuni iyi ena tawuni iyo, ndipo munthu amaphunzira kuwalumikiza osawagula. Koma laputopu yathu inali yofooka. Ikanamizira makina ochepa chabe, inkatentha n'kuuma gwa. Maswichi onamizira sinkawatha m'pang'ono pomwe. Ndiye anatenga enieni aja n'kuwalumikiza ku laputopu ndi nthambo, kudzera pakanthu kakang'ono kobaya m'mbali. Masanje ndithu, koma mphika wake weniweni. Ankafuna kudzalemba mayeso ku Lusaka kuti asiye kunyamula mbale.

Mu Juni, udzu utayamba kuuma, anawatumiza ku kampu ya m'tchire, kutsidya kwa Luangwa, kumene antchito amakhala mpaka mvula. Mabokosi sakanapita nawo. Koma kukampuko kunali intaneti, ndipo anati ndikayatsa laputopu ndi kamodemu, kabokosi kakang'ono kokoka netiweki, iwo angathe kulowa m'makina athu ndi foni ali komweko. Zonse ankazitha ali kutali, kupatula chimodzi. Kuzula nthambo pabowo ili n'kuibaya pabowo ilo kumafuna dzanja. Dzanjalo linali langa.

Nthambo zonse zinali zotuwa, zofanana. Ndinang'amba chitenje chakutha ndi nsanza zina, n'kumanga kansalu kumapeto onse awiri a nthambo iliyonse: yofiira, yamaluwa, yabuluu, ndi ina ya tewera. Iwo anayamba aseka, kenako n'kumazitchula choncho okha.

Nthawi yake inali ya masana. Alendo akabwera koona nyama m'mawa amadya n'kukagona, ndiye antchito amapumako. Ndi nthawi yomweyonso imene sola yathu imakhala ndi mphamvu. Dzuwa likafika paliwombo ndinkayatsa zonse, kukhazika mwana pamphasa, foni m'manja.

"Mwaswera bwanji, amake mwana? Mwayatsa?"

"Ndayatsa."

"Chotsani yofiira pa seveni, muibaye pa thweluvu. Bokosi lapamwamba."

"Ndabaya."

"Yalira kuti tha?"

"Yalira."

"Kagetsi kali bwanji?"

"Kachikasu."

"Tidikire."

Nthambo ukangoibaya, kagetsi ka pabowopo kamayamba kachikasu, kenako kamasanduka kobiriwira. Sikachedwa kwenikweni, koma sikafulumiranso. Amuna anga si olankhula. Ngakhale pondifunsira, amene anayankhula mawu ambiri anali amalume awo. Koma pakudikira paja analibe chochita, ndipo chete wa pafoni ankawachititsa manyazi.

"Mwadyera chiyani lero?"

"Therere."

"Dzulonso munati therere."

"Nanga nsomba mwasiya muno?"

"Mwanayo bwanji?"

"Wamera dzino, akundiluma."

"Watengera amake. Kuno fisi watibera poto kukhichini, akhuku otiphikira akulira ngati afedwa."

Kenako kagetsi kankabiriwira, iwo n'kuti, "Chabwino, khalani chete pang'ono." Masiku ena ndinkachedwa dala kunena. Ankadziwa.

"Amake mwana, kuno ndikuona kuti yalowa kale."

"Maso a giredi seveni amachedwa, pepani."

Tsiku lokhala ndi phunziro lovuta tinkasuntha nthambo kambirimbiri, ndipo limenelo ndilo linali tsiku langa labwino. M'banja lathu lonse sitinachezepo chotero. Ali pakhomo ankafika atatopa, kusamba, kudya, n'kukhala patebulo nsana uli kwa ine. Ali kutsidya kwa mtsinje ndi pamene ndinadziwa kuti amaopa njoka kuposa mkango, ndiponso kuti nyimbo za kwaya yathu amaziimba potsuka magalasi. Ndinkadzuka m'mawa ndikusunga kale zoti ndidzawauze, zazifupi zokwanira pakagetsi kamodzi.

Koma masana ali ndi eni ake. Tili ndi madimba m'mbali mwa dambo, ndipo anyani amabwera dzuwa likatentha, podziwa kuti anthu athawira kumthunzi. Amayi timalondera mosinthana. Poyamba aneba anga ankandilowera m'malo, ine n'kumawatungira madzi m'mawa. Pakupita kwa nthawi anatopa.

"Ife tikuthamangitsana ndi anyani, inu mukulera zitsulo," anatero pamjigo, anzathu akumva. "Zikakula zidzakusungani?"

Sanandinyoze ndi mtima woipa, koma kuyambira pamenepo anasiya kundiitana. Amene salondera, dimba lake sililonderedwa. Ndinkapita m'mawa kukathirira, n'kupeza tomato wolumidwa theka ali mbwee.

Chakumapeto kwa Ogasiti foni ya masana inayamba kudumpha masiku. Kenako inaleka. Ankangoimba Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, moni, mwana ali bwanji, kuno kuli alendo ambiri, basi.

Ine sindinaleke kuyatsa. Nthambo ndinazisiya mmene anandiuzira komaliza, yamaluwa ikuchoka bokosi lapamwamba kupita lapansi, yofiira ikupita ku laputopu. Ndipo timagetsi tinkaphethira. Ndinali nditazolowera kuti iwo akamagwira ntchito, timagetsi timaphethira, ndiye mumtima ndinati alimo. Afika pamaphunziro osafuna dzanja, koma alimo. Ndinkakhala pamphasa pansi patebulo, ndikusenda mtedza kapena kusoka, mwana akalira n'kutuluka naye panja kuti asasokoneze atate ake, ngati kuti akanamva. Tsiku limene anaimirira yekha atagwira mwendo wa tebulo, ndinayang'ana timagetsi tija n'kunena mokweza kuti, "Mwamuona?"

Lamlungu lina ndinafunsako.

"Sukulu ikuyenda?"

"Ikuyenda bwino kwambiri tsopano."

Ndinakondwa. Sindinafunse chifukwa chake sakundituma. Munthu akuvutikira banja, iwe n'kumamufunsa kuti bwanji simukundiimbira, zimamveka ngati nsanje.

Okutobala wa kuno amamudziwa ndi amene anakhalako. Mabokosi aja anayamba kulira kwambiri, mphepo yotuluka kumbuyo ili yotentha ngati ya pa mbaula. Ndinaika njerwa pakati pawo kuti apume. Mavu aja oumba tinyumba tadothi anapeza mabowo opanda nthambo n'kuyamba kumata, ndiye ndinatola thonje lotsalira m'munda wa apongozi n'kutseka bowo lililonse. Fumbi ndinkalichotsa ndi nthenga ya nkhanga.

Chovuta chinali kuzimitsa. Kale ankandiuza okha kuti tamaliza, zimitsani. Tsopano panalibe wondiuza, ndipo timagetsi sitinkaleka. Ndinkaima chala chili pabatani n'kumaganiza kuti mwina ali pakati pa phunziro. Kuzimitsa kunali ngati kutsekera munthu chitseko akulankhula. Ndiye ndinkazisiya mpaka dzuwa litapendeka, mpaka inveta ya sola itayamba kulira kuti moto wa m'batire watha. Madzulo tinkadya ndi kuwala kwa foni. Batire linayamba kutupa m'mbali.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, kampu inatsekedwa. Galimoto inawatsitsa pamsewu ndipo anafika wapansi masana, chikwama kumutu. Ndinawalandira, kuwapatsa madzi. Ali pakati pa kumwa anaima n'kutchera khutu.

"Chikulira n'chiyani?"

"Sukulu yanu."

Analowa kuchipinda, ine pambuyo.

"Mukuyatsirabe ndani?"

"Inu."

"Aa, amake mwana! Ine ndinasiya kale kulowa muno."

Anakhala pabedi n'kuyamba kumasula nsapato, akufotokoza. Bwana wa kukampu anawaona akuvutika ndi kafoni, ndiye anawalola kugwiritsa ntchito kompyuta ya mu ofesi nthawi yopuma. Imeneyo inali yamphamvu. Inkanamizira zonse, ndi maswichi omwe, ochuluka mmene munthu angafunire, ndipo nthambo zake ankangojambula ndi chala. Bandulo ya m'kamodemu kathu inatha kalekale, sanaikemonso ina.

"Koma timagetsi tinkaphethira," ndinatero.

"Timatero tokha. Mabokosi awiriwa akalumikizana amapatsana moni nthawi zonse, kuona ngati mnzake alipo."

Sanalankhule mwaukali. Anaona thonje m'mabowo, analizula limodzi n'kuliyang'ana, anati, "Mwasamala bwino." Kenako anati, "Pepani, ndinaiwala kukuuzani." Ndinati palibe kanthu. Anatambasula manja kuti anyamule mwana, mwana anathawira kumbuyo kwa chitenje changa akulira, chifukwa sanawadziwe. Iwo anaseka pang'ono, n'kuwerama kuzimitsa inveta. M'nyumba munangoti zii, ndipo ndinamva njiwa zikulira kumtengo wa mango, zimene ndinali ndisanazimve masana chiyambire Juni.

Ndinapita kukawatenthetsera madzi osamba. Za pamphasa paja sindinawauze, ndipo mpaka lero sanandifunse kuti masana onsewo ndinkatani.

Mayeso anakalemba chaka chotsatira ndipo anakhoza. Tsopano makwerero amakwera ndi iwo, wina n'kumawagwirira, ndipo amayenda m'maloji kuyambira ku Chinzombo mpaka m'makampu a m'tchire. Pakhomo pasinthako, sindingakane. Akachokapo amaimba Lamlungu, moni, ana ali bwanji, basi.

Zimene zinatayika chaka chimenecho ndi izi. Dimba lonse, tomato ndi repu yemwe. Batire, limene silinagwirenso moto. Malo anga pakati pa amayi olondera, amene ndinachita kupepesa kuti ndibwererepo. Miyezi iwiri ndi kanthu ya masana, imene ndinakhala chete m'chipinda mopanda munthu. Ndi macheza a ine ndi amuna anga.