Ndowa Imene Ndinavundukula ku Matero

Nyumba imene ndimakhala ku Matero anandisiyira ndi bambo anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Lusaka. Kuseri kwake anamangako chipinda chimodzi cha njerwa za simenti, ndipo amuna anga atamwalira ndinayamba kuikamo anthu a lendi. Lamulo langa linali limodzi: pakhomo panga sipalowa mowa. Mlongo wanga wamkulu anachita khungu ndi kachasu amene anamwa ku Kanyama, ndipo amene ndinkamugwira dzanja popita naye kuchipatala ndinali ine. Komanso ndine wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi kwathu, yunifolomu yanga aliyense mumsewu wathu amaidziwa.

Chaka chimene magetsi ankazima tsiku lonse, kunabwera mayi wina kudzafuna chipindacho. Anali wa zaka ngati makumi atatu, wamfupi, wometa tsitsi, wovala magalasi. Anandiuza kuti ankagwira ntchito pamalo ena oyeza madzi, koma ntchitoyo inatha. Analankhula mwaulemu, ndipo ndinamulola. Tsiku losamuka ndinakhala pakhonde ndikuona katundu akutsika m'galimoto. Bedi, matilesi, kampando. Kenako mapoto awiri achitsulo aakulu ngati a pamaliro, ndowa zinayi zoyera zokhala ndi zivundikiro, timapaipi topindapinda, firiji yakale, ndi matumba awiri omangidwa pakamwa.

Ndinamufunsa kuti, “Mapoto onsewa, muli ndi banja lalikulu, asisi?”

“Awe ba mami, nili neka. Nimaphika chabe.”

“Mumaphika chiyani?”

“Vakumwa,” anatero, n'kunyamula ndowa kulowa nayo m'nyumba.

Ine ndinaganiza za munkoyo kapena thobwa, zimene amayi ambiri amagulitsa m'mabotolo pasiteshoni ya minibasi. Sindinafunsenso, koma mtima wanga sunakhale pansi.

Loweruka loyamba anayamba ntchito dzuwa litangotuluka. Anatsuka mapoto, ndowa ndi mapaipi ndi mankhwala onunkha ngati a kuchipatala, n'kutsukanso kachiwiri. Munthu wophika munkoyo satsuka choncho. Chakumasana pabwalo panadzaza fungo lotsekemera la chimera, ndipo linandikumbutsa amayi anga. Koma pambuyo pake anathiramo china chake, fungo lija n'kusanduka lowawa, ngati udzu wonyowa wosakaniza ndi makoko a lalanje. Madzulo anatseka chitseko ndi loko watsopano. Kuyambira tsiku lotsatira, ndikamayanika zovala pafupi ndi zenera lake, ndinkamva kaphokoso: bulu, kenako zii, kenako bulu. Kankamveka ngakhale mwini wake atachoka.

Magetsi akazima ndiye pamene ndinkadabwa kwambiri. Ankathamangira kumsika n'kubwera ndi mibulu ya ayezi pawilibala, n'kuviika mabulangete m'madzi. Tsiku lina chitseko chili pang'ono chotseguka ndinamuona akufunditsa ndowa bulangete lonyowa ngati mwana wotentha thupi, kwinaku akuyang'ana kachitsulo koyezera kutentha n'kumalemba m'kope. Atandiona anamwetulira, n'kukankha chitseko ndi phazi.

Kenako kunayamba kubwera magalimoto. Mumsewu wathu mumalowa mawilibala ndi matakisi otha ntchito, koma apa kunkaima magalimoto a kumayadi. Munkatuluka anthu a ndevu zosamalidwa, akazi ovala mabuluku ong'ambika m'mawondo, tsiku lina mpaka mzungu. Ankalowa m'chipinda muja masana, kukhala mphindi zochepa, n'kutuluka ndi kachikwama kolemera. Sankaimba, sankakangana, sankadzandira. Zimenezi ndiye zinandiopsa kuposa zonse, chifukwa anthu omwa mowa ndimawadziwa, sakhala chete.

Aneba anga, mayi wogulitsa tomato pageti lake, amene amapemphera kutchalitchi cha zamoto, anandiitana m'mawa wina.

“Ba neba, mwaviona vamene vichitika kuseri kwanu?”

“Ndikuona, koma sindikudziwa kuti ndi chiyani.”

“Ni mankhwala yaja yozunguza mutu. Olo ni va satana. Munthu wabwanji ofunditsa mabaketi? Tsiku bakapokola bakabwera, bazatenga imwe, chifukwa nyumba ni yanu.”

Mawu amenewo anandikhala pamtima sabata yonse. Ndinkadziona ndikukwezedwa m'galimoto ya apolisi, amayi a chigwirizano ataimirira pamsewu. Ndikanatha kungomufunsa mayi uja maso ndi maso, koma ndinadziuza kuti munthu wobisa zinthu sanganene zoona. Loko wake watsopano anali pakhomo lakutsogolo. Iye sankadziwa kuti bambo anga anasiya kakhomo kena pakati pa chipindacho ndi khitchini yanga, kamene ndinakatchinga ndi kabati.

Lachitatu lina atapita m'tauni, ndinakankha kabati ndi kulowa. M'chipindamo munali mwaukhondo kuposa m'nyumba mwanga. Mabotolo a bulauni anali atandandalikidwa pansi pa bedi. M'matumba muja munali mbewu zonga tirigu zokazinga pang'ono, ndipo pathebulo panali mapira omera ndi malambe osweka. Ndowa ziwiri zinali pakona, iliyonse ili ndi kapaipi kokhala ndi madzi pamwamba pa chivundikiro, ndipo kapaipiko ndiko kankalira bulu. Ndinakanganula chivundikiro cha ndowa imodzi. Pamwamba panali thovu lakuda bii m'mbali. Ndinapita kukhitchini kwanga, kutenga chipande chimene ndinali nditangoomolera nyemba, kuchipukuta pachitenje, n'kuvundula mpaka pansi kuti ndione ngati mwabisidwa kanthu. Munalibe kanthu. Ndinalawa kadontho pa chala. Kanali kowawa ngati mankhwala a malungo, koma kumapeto kwake kunali kukoma kumene sindikanakulakwitsa. Unali mowa. Ndinavundulanso ndowa yachiwiri, n'kutseka zonse, n'kubwezera kabati pamalo pake.

Ndinakwiya, koma sindinathe kunena, chifukwa akanandifunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndinayamba kumuyankha moni mwachidule, ndikudikira mpata woti ndimugwire.

Patapita masiku khumi, anabwera yekha pakhonde panga masana, atanyamula tambula. Maso ake anali ofiira.

“Ba mami, munangena mu chipinda changa?”

“Ndilowa bwanji, si mumakiya nokha?”

Anatambasula dzanja. Pachikhatho pake panali khungu la nyemba.

“Ici nachipeza pansi pa baketi. Ine sinidya nyemba, zimanipweteka m'mimba. Mabaketi yonse yawiri yasasa monga viniga.”

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anatuluka ngati ukali. Ndinamuuza kuti inde ndinalowa, nyumba ndi yanga, ndipo iye ndiye anayamba kundinamiza. Ndinamuuza za mlongo wanga, mmene anadzukira m'mawa n'kufunsa chifukwa chake kunja sikukucha. Ndinati sindingalole munthu kutcheza kachasu pa malo a bambo anga.

Anakhala pasitepe. Kenako anati sanatcheze kachasu, ndipo alibe ngakhale mpope wotchezera. Anati wake ndi mowa wofulula, wa mtundu umene masiku ano akuutcha kirafuti, umene anthu amafulula pang'onopang'ono, aliyense ndi kakomedwe kake. Anati m'tauni mwatseguka timafakitale ting'onoting'ono ta mowa wotere, ndipo eni ake a kamodzi mwa ito ankafuna munthu wodziwa kufulula. Anthu a magalimoto aja ankabwera kudzalawa ndi kugula. Ndowa ziwiri zija zinali za mowa wa mapira ndi malambe umene anayenera kukaonetsa Loweruka likudzalo.

“Nanga bwanji simunanene poyamba?”

“Nikanakamba, sembe munanipatsa chipinda?”

Tonse tinkadziwa yankho. Ndinamufunsa kuti ngati mowawo ndi wabwino, n'chifukwa chiyani umawawa choncho. Anati kuwawako amachita kukuika dala ndi timasamba touma toitanitsa kunja, ndipo anthu amakukonda. Apa ndinayambanso kumukayikira. Amayi anga, amene ankafulula ndili mwana, ankataya mowa ukawawa, lero munthu akundiuza kuti olemera amalipira kuti awawidwe.

Ndinamuuza kuti mwezi ukatha asamuke, pakuti lamulo langa silisintha. Koma popeza amene ndinaononga ndinali ine, ndinamulola kufulula kamodzi kokha, pabwalo, ine ndikuona chilichonse cholowa mumphika. Anaimbira foni eni fakitale aja, ndipo anavomera kumudikira milungu itatu.

Loweruka limene anafulula ndinakhala pampando pafupi ndi mbaula zake kuyambira m'mawa. Chilichonse chimene ankafuna kuthira ndinkayamba ndachinunkhiza. Kapaketi ka yisiti ndinakawerenga mbali zonse ziwiri. Aneba aja anasuzumira pampanda kangapo, kenako anaitana kuti, “Ba neba, namwe mwangenamo?” Ine ndinangopitiriza kuyang'ana mumphika. Pamene ankatulutsa mapira ake, ndinaona kuti anawamereza mopitirira, mizu inali itatalika ndipo ena anali atayamba nkhungu.

“Chimera ichi anakuphunzitsani ndani?”

“Nimaonera pa foni.”

“Foniyo sinayanikepo chimera. Tayani ichi.”

Ndinapita naye kumsika kwa mayi wina wachikulire wa ku Chipata amene amagulitsa chimera cha thobwa, ndipo ndinasankha ndekha, ndikutafuna njere kuti ndimve kutsekemera. Pobwerera ndinadzifunsa kuti kodi mayi wa chigwirizano akuchita chiyani ndi thumba la chimera cha mowa pamutu. Ndinadziyankha kuti ndikubweza chimene ndinaononga, basi.

Milungu itatu itakwana ananyamula mabotolo ake m'takisi. Anabwerako madzulo dzuwa lisanalowe, n'kundiuza ali pageti kuti amulemba ntchito. Mwezi utatha anasamukira kufupi ndi ntchito yake. Kabati ija ndinaikhomerera kukhoma ndi misomali.

Patapita pafupifupi chaka anandiimbira foni kuti ndikaone kumene amagwira ntchito. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinapita, nditavala chitenje wamba kuti wina asandizindikire. Malowo anali m'dera la mafakitale, m'nyumba yaikulu ya malata imene kale munkasungidwa matayala. Mkati munali matanki achitsulo onyezimira, aatali kuposa nyumba yanga, ndipo iye ankayenda pakati pawo atavala jombo zoyera, amuna awiri akuluakulu akumumvera. Anandionetsa zonse, mpaka thumba la chimera, n'kunena kuti amagulabe kwa mayi wa ku Chipata uja.

Kutsogolo kwa nyumbayo anaikako mabenchi a matabwa ndi maambulera. Linali Loweruka masana, ndipo anthu anali atadzaza. Ankanyamula matambula kuyang'ana kudzuwa, kununkhiza, kumwa pang'ono, n'kumagwedeza mitu ngati madokotala. Ena anabwera ndi ana, ena ndi agalu omangidwa zingwe. Pakhoma panali bolodi la mayina a mowa, ndipo nditaona mtengo wa tambula imodzi ndinaganiza kuti wolembayo walakwitsa. Mayi uja anandibweretsera madzi a malambe opanda mowa. Ndinamufunsa kawiri ngati alidi opanda mowa, ndipo ndinamwa iye atayamba walawa.

Ndinakhala pakona ndikuyang'ana. Bambo wina wa malaya okongola, amene pofika ndinamumva akufotokozera anzake za kakomedwe ka mowa uliwonse, anali atafika pa tambula yachisanu. Mawu ake anali atakwera, ndipo ankagwira dzanja la mtsikana woperekera zakumwa osafuna kulisiya. Mkazi wake ankayang'ana pansi, akupukuta mwana pakamwa pomwe panalibe choti apukute. Nkhope imeneyo ndinaiona kambirimbiri pa akazi a ku Matero. Ndinamuonetsa mnzanga wofulula uja ndi maso. Anapita kukalankhula ndi bamboyo mwaulemu, nauza woperekera kuti asamupatsenso. Atabwerera anati, “Ba mami, aba ni bang'ono chabe.” Ndinamuuza kuti m'mashabini namonso amatero.

Sitinakangane. Anandiperekeza mpaka pageti, n'kundipatsa thumba la zotsalira za chimera kuti ndikapatse nkhuku zanga. Pagetipo panali mlonda wachikulire, ndipo titapatsana moni ndinamva kuti amakhala ku komboni ya George. Mnzanga uja atabwerera mkati, ndinamufunsa mlondayo chapansipansi ngati mowa wa m'katimo anaulawapo.

Anaseka. “Ba mayo, banatipatsako tsiku lotsegulira. Ninamwa hafu, hafu ninathira pa maluwa. Ine nikakomboka pa nchito nimagula wanga wa mu paketi ku komboni.”

“Nanga maluwawo anatani?”

“Yakali moyo,” anatero, akuloza ndi ndodo yake.

Ndinapita kukawayang'ana ndekha. Analidi moyo, ngakhale masamba ena anali achikasu. Kenako ndinasenza thumba langa n'kuyenda mpaka pamsewu waukulu kukadikira minibasi ya ku Matero.